Ndani aperekeze mayi wapakati amene wagwidwa ndi mowa?

 Lero ndasiya kaye nkhani za mayeso ndi za malipiro athu. Ndikufuna tikambirane za munthu amene tonse timamudziwa koma satchulidwa pa msonkhano wina uliwonse, mayi wapakati amene amamwa mowa ndipo walephera kuusiya.

Maganizo anga ndiwanene poyambirira pomwe kuti ofuna kunditsutsa ayambe kukonzeka. Mayi wotereyu timupezere mzimayi mnzake, wophunzitsidwa bwino komanso wosunga chinsinsi, woti aziyenda naye kuyambira pa sikelo yoyamba mpaka mwana atayamba kuyenda. Kumukalipira, kumuseka pa mjigo ndi kumuopseza ndi chindapusa taziyesa kwa zaka zambiri, ndipo chimene chatulukapo n'chakuti mayiyo amabisala. Akabisala mowa sasiya, sikelo ndiye amasiya, ndipo wovutika kwambiri amakhala mwana amene ali m'mimba, yemwe pakatha zaka khumi ndi zinayi adzakhala pa desiki kutsogolo kwa ine ndi inu.

Kumayiko a azungu mzimayi woyenda ndi mayi wapakati chotere amamutcha doula. Liwuli linachokera ku Chigiriki, koma ntchito yake si yachilendo kwa ife. Doula si namwino ndipo si dokotala. Sabereketsa, sabaya jakisoni, sapereka mankhwala. Iye amakhala pafupi ndi mayi, kumulimbitsa mtima, kumusisita msana matenda akayamba, kumufotokozera zimene anamwino anena, ndi kumuyendera kunyumba akachira. Mu 1980 madokotala Roberto Sosa, John Kennell ndi Marshall Klaus anasindikiza zimene anapeza pa chipatala china ku Guatemala. Amayi amene anali ndi mzimayi wowakhalira pafupi nthawi yonse ya matenda ankachira msanga kwambiri poyerekeza ndi amene anasiyidwa okha. Mu 2017 bungwe la Cochrane linaphatikiza kafukufuku 26 wokhudza amayi oposa 15,000, ndipo linapeza kuti mayi wokhala ndi woperekeza wotere amachira mwachangu ndiponso sapita ku opareshoni kawirikawiri. Mu 2018 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi aliyense aziloledwa kukhala ndi munthu wa kumtima kwake pa nthawi yochira.

Ife tili naye kale munthu ameneyu, kungoti timamutcha gadiyani. Pitani ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Malamulo ku Makwasa, mukaona amayi achikulire atakhala panja ndi mapoto, nkhuni ndi thumba la ufa, akudikira mwana wawo kapena mpongozi wawo amene ali kuchidikiro. Kalekale ntchitoyi inali ya anankungwi ndi azamba. Iwo ankalangiza mtsikana wa mimba yoyamba, kumuyendera, kumuchiritsa, kenako kumusamalira m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa. Mu 2007 boma linaletsa azamba kuchiritsa amayi kumudzi. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena kuti chiletsocho chichotsedwe, koma mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda atayambitsa ntchito ya uchembere wabwino, mafumu ambiri anakhazikitsa malamulo akuti mayi aliyense azichirira ku chipatala, ndipo wochirira pakhomo azilipira chindapusa.

Sindikufuna wina aganize kuti ndikulira masiku a azamba. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2004 anaonetsa kuti amayi 984 pa amayi 100,000 ochira ana amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 anapeza 439, ndipo pa nthawiyo amayi asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse ankachirira ku chipatala. Kutaya magazi kwambiri kapena mwana wopingasa si za mzamba wa tochi ndi lumo. Zimenezo zikhale m'manja mwa anamwino. Koma mzamba anali ndi ntchito ziwiri, kubereketsa ndi kuperekeza. Yoyambayo tinachita bwino kuipereka ku chipatala. Yachiwiriyo tinangoisiyira chibale, kuti amene ali ndi mayi ake, azakhali kapena apongozi omukonda apeze gadiyani, ndipo amene alibe aone yekha chochita.

Tsono funsani kuti ndani amasowa gadiyani. Kawirikawiri ndi yemwe uja abale anatopa naye. Anagulitsa ufa wa m'nyumba kuti akamwere, anatukwana apongozi ataledzera, mwamuna anamuthawa kapena amamwera limodzi. M'madera ambiri mayi amauzidwa kuti pa sikelo yoyamba abwere ndi mwamuna wake, ndipo akakhala kuti alibe akatenge kalata kwa amfumu. Lamuloli linali ndi cholinga chabwino choti abambo azitengako mbali ndi kuyezetsa magazi limodzi ndi akazi awo. Koma taganizirani mayi amene mimba yake mwini wake sakudziwika bwino, amene mudzi wonse umamutcha chidakwa, apite kukaima pamaso pa amfumu kukapempha kalata. Ambiri amangozengereza mpaka mimba itafika miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri. Akafika ku chipatala fungo la kachasu likumveka, amaopa kunyozedwa pa mzere, ndiye ulendo wachiwiri sabwereranso. Wofunika thandizo kuposa onse ndi amene amalipeza mochedwa kuposa onse.

Aphunzitsi a sayansi mundikhululukire, ndilowako pang'ono m'munda mwanu. Mayi akamwa mowa, mowawo umalowa m'magazi ake n'kudutsa mu mchombo kukafika kwa mwana. Chiwindi cha mwana wosabadwa sichinakhwime moti n'kuuchotsa msanga, choncho umakhalitsa m'thupi mwake. Ubongo wa mwana umakula miyezi yonse isanu ndi inayi, n'chifukwa chake palibe mwezi umene tinganene kuti kumwa kulibe vuto, ndipo palibe mlingo wa mowa umene madokotala anatsimikiza kuti ndi wosavulaza. Mowa ungachititse mayi kupita padera, kuchira masiku asanakwane kapena kubereka mwana wochepa sikelo. Mu 1968 dokotala wa ku France, Paul Lemoine, analemba za ana a amayi omwa kwambiri, ndipo mu 1973 Kenneth Jones ndi David Smith a ku Seattle anapatsa vutoli dzina la fetal alcohol syndrome. Ana ena amaoneka pankhope, mlomo wam'mwamba wopyapyala ndi maso aang'ono. Ambiri saoneka chilichonse, koma amavutika kukumbukira zimene aphunzira dzulo, kukhala chete m'kalasi, kumvetsa masamu ndi kuganizira zotsatira za zochita zawo. Vutoli silichizika, koma limapeweka, ndiponso mayi akasiya kumwa pa mwezi wina uliwonse mwanayo amapindulabe.

Sindikunena kuti tiyambe kuloza zala ana amene amalephera masamu n'kumati mayi ake ankamwa. Njala, malungo, kujomba ndi makalasi odzaza zimabweretsanso zomwezo, ndipo ife si madokotala. Ndikungoti nkhaniyi ndi yathunso ife a choko, chifukwa zimene zachitika m'mimba zimadzatipeza mu Fomu 1.

Dziko limene laphunzira zimenezi mowawa ndi South Africa. M'minda ya mphesa ya ku Western Cape munali chizolowezi chotchedwa dop, cholipira antchito gawo lina la malipiro awo ndi vinyo. Lamulo linaletsa zimenezi m'zaka za m'ma 1960, koma chizolowezi chakumwa chinatsalira m'mabanja a antchitowo mibadwo ingapo. Ofufuza atayeza ana a sukulu m'madera ena kumeneko anapeza kuti oposa mmodzi mwa ana khumi ali ndi zizindikiro za kuvulazidwa ndi mowa asanabadwe. Kuno kwathu malipiro a pa esiteti ndi ndalama, ndipo amayi ambiri a kwa Changata samwa n'komwe. Komabe phunziro lake likutikhudza, lakuti kumene kuli ntchito yolemetsa ya nyengo imodzi, malo olima ochepa ndi mowa wotchipa pafupi, kumwa kumakhala ndi mizu yozama kuposa khalidwe la munthu mmodzi.

Taonani moyo wa mayi wothyola tiyi. Nthawi ya dzinja masamba akachuluka ntchito imapezeka, amalawira m'bandakucha ndi dengu kumsana, mvula ikumuthera m'thupi. Chilimwe chikafika ntchito imachepa ndipo ambiri aganyu amakhala pakhomo. Munda ndi kachigawo kakang'ono pa phiri. Nthochi zimene zinkadyetsa mabanja ambiri kuno ku Thyolo zinatha ndi matenda a chisaka. Mwamuna ali ku Joni kapena anakwatira kwina. Kwa amayi ena bizinesi yotsala ndi kutcheza kachasu, ndipo wotcheza amalawa kuti adziwe ngati watuluka bwino, amakhala ndi makasitomala mpaka usiku, ena amamugulira. Wina amamwa kuti msana uleke kuwawa, wina kuti agone osaganiza za nkhanza za m'banja. Mu 2015 boma linaletsa mowa wa m'masacheti, koma mowa womwewo unabweranso m'timabotolo ting'onoting'ono totsika mtengo. Mu 2017 dziko lino linakhazikitsa ndondomeko yake ya za mowa. Ndondomeko ili pa pepala, koma mayi amene ndikunena uja palibe amene wafika pakhomo pake.

Palinso fodya, wosuta ndi wofwenkha, komanso chamba, chimene lamulo la mu 2020 linalola kulima pa ntchito za mankhwala ndi za m'mafakitale kokha, osati kusuta. Zonsezi zingachepetse sikelo ya mwana. Koma kwathu kuno mdani wamkulu ndi mowa, n'chifukwa chake ndakhazikika pa iwo.

Nanga woperekeza amene ndikumunenayu azichita chiyani? Choyamba, azifunsa popanda kuweruza. Mu 2014 WHO inatulutsa malangizo akuti mayi aliyense wapakati azifunsidwa za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo msanga, komanso pa ulendo uliwonse wa ku sikelo. Koma namwino mmodzi amene ali ndi mzere wa amayi wofika panja angafunse bwanji mwachifatse, ndipo mayi angayankhe zoona bwanji anzake akumvetsera kuseri kwa katani? Funso lomwelo likafunsidwa pakhonde, anthu awiri akusenda nandolo, yankho limakhala lina. Pamenepo mayi angathe kunena kuti amamwa masiku angati pa sabata, amamwa ndi yani, ndipo chimamuyambitsa n'chiyani.

Chachiwiri, aziyenda naye ku sikelo. Masiku ano malangizo ndi akuti mayi aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu asanachire. Woperekeza amamukumbutsa tsiku, kupita naye kwa amfumu ngati pakufunika kalata, kukhala naye pa mzere ndi kulowa naye m'chipinda ngati mayiyo walola. Anthu awiri ndi ovuta kuwanyoza kusiyana ndi munthu mmodzi. Ngati mayiyo ali pa ma ARV, amene kuyambira mu 2011 dziko lino limapereka moyo wonse kwa mayi aliyense wapakati wopezeka ndi kachilombo, woperekeza amathandiza kuti tsiku la matsire lisakhale tsiku lodumpha mankhwala.

Chachitatu, azidziwa malire ake, ndipo apa ndi pamene maphunziro akufunika. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi angayambe kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kukomoka ngati wa khunyu. Kwa mayi wapakati zimenezi zingaphe iye kapena mwana. Wotereyu ayenera kusiya moyang'aniridwa ndi a chipatala. Kumutsekera m'nyumba, kumumwetsa mankhwala a zitsamba osanzitsa kapena kumusalitsa kudya masiku atatu ndi kuika miyoyo iwiri pachiswe. Woperekeza wophunzitsidwa amadziwa kuti uyu n'ngofunika kucheza naye, uyu n'ngofunika kuthamanga naye ku chipatala. Thandizo lapadera la osiya mowa lilipo m'dziko muno, monga ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, koma kwa mayi wa kwa Changata konseko n'kutali, choncho khomo loyamba ndi chipatala chathu chaching'ono ndi cha boma ku Thyolo.

Chachinayi, ndipo kwa ine ichi ndicho chachikulu, asamusiye akachira. Amayi ambiri amayesetsa kudziletsa ali ndi pakati chifukwa choopera mwana, kenako amabwerera ku mowa m'miyezi yoyamba atachira, pamene gadiyani wabwerera kwawo, tulo palibe, mwana akulira usiku wonse ndipo ndalama zatha. Ena amagwidwa ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa amene amabwera mayi akachira, ndipo ife timangoti wayamba ulesi. Pa nthawi imeneyi pali zinthu zenizeni zoti woperekeza achite. Mowa umalowa mu mkaka wa m'mawere, ndipo chikhulupiriro chakuti masese amachulukitsa mkaka si choona, mowa umachedwetsa kutuluka kwa mkaka ndipo mwana amayamwa wochepa. Thobwa losasasa, phala ndi madzi ndi zimene mayi woyamwitsa akufunika. Malangizo a WHO salamula mayi wotere kusiya kuyamwitsa, amati alimbikitsidwe kuyamwitsa kwinaku akuthandizidwa kusiya mowa, pokhapokha ngati azaumoyo aona kuti chiopsezo chakula. Komanso mayi woledzera asagone mphasa imodzi ndi khanda, chifukwa angaligonere osadziwa. Woperekeza amapangana naye pasadakhale kuti tsiku limene wagwa m'mayesero, mwana akagone kwa yani. Amamukumbutsa za sikelo ya mwana, katemera, ndi za kulera kuti mimba ina isabwere iye asanaime bwino.

Zimenezi ena anaziyesa kale. Ku Seattle, mu 1991, yunivesite ya Washington inayambitsa ntchito yotchedwa Parent-Child Assistance Program, imene imapereka mlangizi mmodzi kwa mayi amene anamwa mowa kapena kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo ali ndi pakati. Mlangiziyo amayenda naye zaka zitatu, ndipo lamulo lawo limene limandisangalatsa n'lakuti mayi sachotsedwa pa ndondomekoyo chifukwa choti wayambiranso kumwa. Ku Cape Town bungwe la Philani limatumiza amayi a m'dera lomwelo kukayendera anzawo apakati khomo ndi khomo, ndipo mowa ndi imodzi mwa nkhani zimene amakambirana. Kuno kwathu bungwe la mothers2mothers linaonetsa kuti mayi amene ali ndi kachilombo angathe kulangiza mnzake amene wangopezeka nako. Ku Mchinji ntchito ya MaiMwana inagwiritsa ntchito magulu a amayi ndi alangizi ongodzipereka a m'midzi, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2013. Nafenso a ku Thyolo tili ndi mbiri yathu. Pamene a Médecins Sans Frontières anayamba kupereka ma ARV m'boma lino mu 2003, anthu wamba ongodzipereka ndi amene ankayendera odwala m'midzi, pa nthawi imene kachilombo kanali kochititsa manyazi kuposa mmene mowa ulili lero. Ngati tinatha pa Edzi, pa mowa chingatilepheretse n'chiyani?

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena m'mitima. Choyamba mukuti, mowa anauyamba yekha, bwanji tiwononge nthawi pa iye pamene pali amayi aulemu amene akusowanso thandizo? Yankho langa n'lakuti kumayambiriro munthu amasankhadi, koma uchidakwa ukakhazikika umasintha mmene ubongo umagwirira ntchito, ndipo azaumoyo amauwerengera m'gulu la matenda. Ngakhale mutakana zimenezo, mwana amene ali m'mimba sanasankhe kalikonse. Njira yokha yomufikira ndi kudzera mwa mayi ake, ndipo mayi amene tamuthamangitsa ndi mawu sitingamufikire.

Chachiwiri mukuti, kumuchitira chifundo n'kumulimbikitsa, bwanji amfumu angoika chindapusa kwa mayi wapakati wopezeka ku shabini? Chindapusa chinathandiza pa nkhani yochirira ku chipatala chifukwa chinali chinthu cha tsiku limodzi chimene munthu angathe kukonzekera. Chibaba cha mowa ndi cha tsiku lililonse. Mukaika chindapusa mayiyo adzatuma mwana kukamugulira n'kumamwera kuchipinda, adzamanga mimba ndi chitenje kuti isaoneke, ndipo mbuzi kapena ndalama ya chindapusayo idzachoka pa chakudya cha ana. Ngati amfumu akufuna lamulo, aliike kwa wogulitsa mowa kwa ana a sukulu ndi kwa mwamuna womenya mkazi wapakati. Woperekeza wabwino samunamiza mayi kuti kumwa kulibe kanthu. Amamuuza zoona zonse za mwana wake, kenako mawa amabweranso.

Chachitatu mukuti, ndalama zake zichokera kuti? Funso ili ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Ntchito yongodzipereka imatopetsa, ndipo taonapo magulu ambiri akufa bungwe lothandiza likangochoka. Koma sitikuyambira pa ziro. Tili ndi alangizi a zaumoyo amene amalipidwa kale ndi boma ndipo amadziwa khomo lililonse. Tili ndi azamba akale amene atsala ndi ntchito yongotumiza amayi ku chipatala, koma ulemu wawo m'mudzi ukadalipo. Tili ndi amayi a Mvano, a Dorika, a Chigwirizano ndi magulu ena a m'mipingo ndi m'mizikiti amene amayendera kale odwala. Chosowa ndi maphunziro a masiku ochepa ochokera kwa anamwino, mgwirizano woti mayi aliyense wopezeka ndi vutoli alumikizidwe ndi mzimayi mmodzi amene iye mwini wavomereza, ndi kandalama ka sopo ndi ka kabaza. Maesiteti amene ali ndi zipatala zawo angathandizepo, chifukwa amayi amenewa ndi antchito awo kapena akazi a antchito awo.

Chachinayi ndi nkhawa imene inenso ndili nayo, ya chinsinsi. M'mudzi nkhani imayenda msanga kuposa njinga yamoto. Woperekeza wa pakamwa popepuka angawononge zonse m'sabata imodzi. Choncho asankhidwe mosamala, mayiyo akhale ndi ufulu womukana, ndipo ulendo wake usamaoneke kuti ndi wa kwa zidakwa zokha. Njira yabwino n'njakuti woperekeza aziyendera amayi apakati onse a m'mudzi mwake, kenako azipita kawirikawiri kumene kukufunika. Ndiponso amayi amene anasiya mowa zaka zapitazo tisawataye, chifukwa mawu a munthu amene anadutsamo amalowa kumene ulaliki wathu sufika. Malire a chinsinsi ndi amodzi okha, moyo wa mwana kapena wa mayi ukakhala pangozi, ndipo zimenezi mayiyo auzidwe tsiku loyamba lomwe.

Tsopano kwa ife aphunzitsi. Kuyambira mu 1993 dziko lino limalola mtsikana amene anatenga mimba kubwerera ku sukulu akachira. Timadziwa tonse kuti pakati pa tsiku limene wachoka ndi tsiku limene akuyenera kubwerera pamadutsa miyezi yambiri imene sukulu siimufunsa n'komwe. Ena mwa atsikana amenewa mimbayo anaitengera komwe kuli mowa, ndipo akathamangitsidwa pakhomo amabwerera komweko. Amayi a Mother Group a pa sukulu zathu akhoza kukhala operekeza oyamba a ana amenewa, ngati titawapempha ndi kuwalumikiza ndi namwino wa chipatala chapafupi. M'phunziro la Life Skills ndi la Biology tiziphunzitsa za mowa ndi mimba momveka bwino, kwa anyamata ndi atsikana omwe, chifukwa mnyamata wa Fomu 3 lero ndi amene mawa adzabweretsa botolo m'nyumba kapena kulichotsa. Tiziwauzanso kuti mkazi amatha milungu ingapo asanadziwe kuti waima, pamene ziwalo za mwana zayamba kale kuumbika. Ndipo mu stafu rumu tichepetse nthabwala za amayi oledzera a ana athu. Anawo amazimva.

Kwa inu amene ndinakuphunzitsani, ena mwa inu lero ndinu anamwino, alangizi a zaumoyo, makalaliki a pa esiteti, abusa, ngakhale mafumu. Inu anamwino, ndikudziwa kuti ntchito ikukuchulukirani, koma mayi wonunkha mowa akafika pa sikelo, mawu anu oyamba ndi amene adzachititse kuti abwerenso kapena ayi. Muthokozeni kuti wabwera, za mowazo mukambe chitseko chitatsekedwa. Inu mafumu, kalata ya mayi wopanda mwamuna izituluka mosavuta ndi mopanda mafunso ochititsa manyazi. Inu amene muli kutali ndipo mumatumiza ndalama kumudzi, funsani za mlongo wanu uja amene banja lonse linamutaya, ndipo ngati ali ndi pakati pezani mzimayi mmodzi wokhulupirika woti azimuyendera, mumulipirire ulendo wa ku chipatala.

Akuluakulu amati wapakati ali pakati pa moyo ndi imfa, n'chifukwa chake mwambo wathu sunkalola kuti aziyenda yekha. Mwambowo sunanene kuti woperekezedwa akhale waulemu yekha. Pa msonkhano wotsatira wa makolo ndi aphunzitsi pa sukulu yathu ndikufuna kupempha kuti tiitane namwino ndi mlangizi wa zaumoyo adzalankhule ndi amayi a Mother Group za nkhaniyi, ndipo ndikupempha anzanga a sukulu zina za kwa Changata muchite chimodzimodzi. Amene muli ndi maganizo osiyana ndi anga, makamaka inu a zaumoyo, ndiuzeni pamene mukuona kuti sizingatheke, tikonze limodzi.